Tsiku Limene Balaka Inaimitsa Sitima za Azungu

Wotsutsa atsutsiretu panopa ndisanayambe, chifukwa ndikayamba sindiima, ndipo inu a Banda tsitsani foniyo, ndakuonani mukusekera kuseri kwa mbale. Inu mwabwera ku Perth dzulodzuloli, chimene mukudziwa ndi jakisoni ndi mashifiti a kuchipatala ku Midland basi. Ine ndinafika kuno tsitsi lili bii, ndayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku Welshpool mpaka mapaleti osanjapo katunduyo ankandipatsa moni, ndipo ndine Mmalawi yekhayo amene anaimitsapo sitima zonse za azungu tsiku limodzi, manja ali m'thumba. Ndikanama mphenzi indipeze pano pa Girrawheen, ngakhale kuti mvula ya kuno ilibe mphenzi yoti n'kuopsa munthu.

Sitima zake ndi zing'onozing'ono zija, zokwana m'dzanja, zoyendera magetsi odutsa m'njanji momwemo. Musaseke. Kuno kuli madoda a imvi, ena madokotala, ena opuma ntchito ku migodi, amene ali ndi kalabu yawo ya zimenezi. Aliyense amamanga gome lake kunyumba kwake, n'kuikapo njanji, mapiri, nyumba, mitengo, chilichonse chimene mtima wake wakonda, koma kumapeto kwa gome njanji iyenera kutulukira ndendende pamene ya mnzake ikulowera. Tsiku la chionetsero amanyamula magome onsewo kupita nawo ku holo, kuwalumikiza ndi mabawuti, basi pamatuluka njanji imodzi yozungulira holo yonse. Lamulo lalikulu ndi limodzi: sitima ya mnzako idutse pa gome pako bwinobwino. Ikamaima kapena kugwa, gome lako amalimasula anthu akuona, n'kuikapo thabwa lopanda kanthu. Manyazi ake, bola kugwa m'tchalitchi popita kukapereka chopereka.

Anandilowetsa m'kalabumo ndi Kevini, mzungu wa ndevu amene tinkagwira naye ntchito, yemwenso anali mkulu wa kalabuyo. Anandipeza nthawi ya nkhomaliro ndikupinda waya wotayidwa kupanga galimoto monga tinkachitira tili ana, chiwongolero chake chokhota bwinobwino, ndipo anandipempha, pafupifupi chogwada, kuti ndikaone magome awo. Ndinapita. Okongola ndithu, sindinganyoze: wina phiri la chipale chofewa, wina mgodi wa ku Kalgoorlie, wina minda ya tirigu. Koma masiteshoni awo, abale inu, zii! Anthu awiri atatu a pulasitiki ataima motalikirana ngati anayambana pa maliro, popanda wogulitsa ngakhale nthochi imodzi. Ndinawauza kuti sanaonepo siteshoni, ndipo ndiwamangira ya kwathu ku Balaka.

Vuto linali kunyumba. Gome linadzaza galaja, ndiye galimoto ya a Nachisale, mayi akunyumba, inayamba kugona panja, ndipo inu mukulidziwa dzuwa la kuno mu Januwale, chiwongolero chimaotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Anapirira miyezi ingapo, akubwera ku shifiti manja atawauka, kenako tsiku lina anaima pakhomo la galaja n'kunena mawu amene mpaka lero ndimawamva m'khutu.

"Bambo, gome lanuli likakakanidwa ku chionetserocho, lisabwererenso muno. Likagona pa kapinga wa kumsewu, a khonsolo alitole pamodzi ndi mafiriji akufa."

Ndipo sabata yotola zinyalala zikuluzikulu m'dera lathu inali yotsatira chionetsero chomwecho. A Nachisale sabwereza mawu, amene munayimba nawo kwaya mukudziwa.

Ndiye ndinagwira ntchito. Anthu anga sindinagule m'sitolo, ndinawasema ndekha ndi nsungwi, mmodzimmodzi, aliyense nkhope yakeyake, kuwaveka zitenje zodula ku nsanza, amayi a malichero, anyamata a kabaza, mbuzi, nkhuku zomanga miyendo, wapolisi wogona pa benchi, mlaliki Baibulo lili m'mwamba, ndipo katundu wawo sanali wonamizira ayi, mandasi ndinakazinga enieni m'mafuta enieni, lililonse ngati kanjere ka mapira, bonya weniweni ndinamudula ndi lezala, chimanga chootcha ndinapanga ndi njere za udzu n'kuziwamba pa kandulo. Timiyala ta pansi pa njanji a kalabu anandiuza kuti ndimate ndi guluu wa m'sitolo. Guluu? Ife amene tinkamata makaiti ndi mabuku ong'ambika ndi phala la chinangwa? Ndinaphika langa, lolimba bwino, n'kupaka njanji yonse, ndipo linagwira moti nyundo inathothoka mutu nditayesa kugogoda. Mukumva?

Gome lija linayamba kukhala Balaka weniweni ndisanalimalize n'komwe. Chulu chinamera chokha kuseri kwa chimbudzi cha siteshoni, ine sindinachiike. Mlambe umene ndinapota ndi waya unayoyola masamba chilimwe cha kwathu chitafika, masana kamvuluvulu ankadutsa pa gomepo kuulutsa timapepala, ndipo fungo lake linkatuluka m'galaja kutsika msewu wonse moti bambo wina wa ku Chipata anagogoda pakhomo ndi chikwama m'manja kudzafunsa kuti sitima ya ku Limbe inyamuka nthawi yanji. Ndinamuuza kuti adikire, monga amadikirira aliyense.

Tsiku la chionetsero tinalumikiza magome, ndipo njanji yanga inakumana ndi za anzanga moti ngakhale tsitsi silikanalowa pakati. Holo inadzaza, makolo, ana, agogo a pa njinga za olumala. Kevini anayatsa sitima yake yasiliva, yaitali, imene amaipukuta kuposa mmene amapukutira nsapato za ukwati. Inadutsa phiri la chipale, inadutsa tirigu, inadutsa mgodi, inalowa pa Balaka, n'kuima. Anapotokola kabatani, zii. Ya katundu inabwera pambuyo pake, n'kuima. Ya malasha, n'kuima. Posakhalitsa sitima zonse za m'holomo zinali pa mzere kuyembekeza kulowa pa gome langa.

A kalabu anayamba kunong'onezana kuti mafuta a mandasi ndi phala langa zakuta njanji, magetsi sakufika ku mawilo. Zaumbuli zenizeni. Ndi sitima iti inadutsapo pa Balaka osaima? Ine ndinawerama n'kuyang'anitsitsa, ndipo ndinaona ndi maso angawa, omwewa amene a dokotala akuti ali ndi ng'ala koma akunama, mawindo a sitima yasiliva ija akutseguka, timanja toyera tikutuluka, amayi anga akuthamanga ndi malichero pamutu, mayi wina wachizungu wa chipewa akunenerera mtengo wa bonya, ndipo dalaivala mwiniwake atatsika, atakhala pa njanji miyendo ili tambalale, akukukuta chimanga. Munthu wayenda moyo wake wonse m'masiteshoni opanda chakudya, lero wapeza chimanga cha moto, inu mukuti anyamuke?

Kevini anandikokera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti ikafika nthawi ya nkhomaliro sitima zisakuyenda bwino, amasula gome. Nditatembenuka ndinaona a Nachisale ataima kumbuyo kwa anthu, yunifolomu ili m'thupi, achokera ku shifiti osadzera kunyumba, manja atapinda pachifuwa. Apa mantha anandigwira, sindibisa. Ndinaona Balaka wanga ali pa kapinga pakati pa matiresi onyowa, agalu akumununkhiza.

Ndinavula jekete. Ndinaika zala ziwiri m'kamwa n'kuliza likhweru la kwathu, lija timaitanira ng'ombe kutsidya kwa dambo, ndipo mawindo a holo ananjenjemera, ma alamu a galimoto panja analira onse, ku Midland sitima yeniyeni inanyamuka nthawi isanakwane, dalaivala akuyesa kuti wauzidwa, kenako ndinawerama n'kumuuza dalaivala wanga wokukuta chimanga uja m'Chichewa chomveka kuti chotsalacho akadyera m'njira. Anadzuka, kupukuta manja m'thalauza, kukwera. Sitima inasuntha, koma sinalinso sitima ija Kevini ankaidziwa: mbuzi padenga, matumba a makala m'makomo, nkhuku zikusuzumira pa mawindo, anthu atapachikika mbali zonse, mlaliki ali pakati akulalikira, kulemera kwake magome ankapindika ikamadutsa, ndipo itafika pa phiri la chipale inalephera kukwera, anthu anga anatsika n'kuikankha akuyimba nyimbo ya pa dima mpaka pamwamba. Mukumva, a Banda? Kapena ndibwereze?

Tsono Mmalawi akakwera sitima satsikira pamene anakwerera. Amayi anga anayamba kutsika pa magome a eni ake. Mmodzi anayatsa mbaula pamwamba pa phiri lija n'kuyamba kuotcha chimanga, chipale chinasungunuka, madzi anatsetsereka kukasefukira m'minda ya tirigu ya gome loyandikana, mwini gomelo pobwera kuchimbudzi anapeza anthu anga atawokeramo kale mpunga, ku mgodi anyamata a kabaza anali akunyamula ogwira ntchito awiriawiri pa njinga imodzi, ndipo pa siteshoni ina ija ya anthu oyambana panali patayamba kwaya. Anthu onse m'holo anasiya zina zonse kudzaunjikana, ana atakwera pa mapewa a makolo, mzere wa ofuna kulowa unatuluka panja, kukhota, kudutsa maloboti, mpaka apolisi anabwera kudzafunsa ngati kwafika nduna.

Koma sitima zinali zitalawa. Iliyonse ikazungulira n'kufikanso pa Balaka, inkaima, ndipo ulendo uliwonse inkaima nthawi yaitali kuposa poyamba, chifukwa tsopano madalaivala anali ndi makasitomala awo, wina mpaka anapeza chibwenzi. Ndinaliza likhweru mpaka milomo inatupa. Nkhomaliro itakwana Kevini anabwera ndi sipanala, nkhope ili pansi, n'kunena kuti pa zaka zonse za kalabu sanaonepo gome lamoyo ngati langa, koma lamulo ndi lamulo.

Zoti analimasula, analimasuladi, a Banda, amene anakuuzani sananame. Anaikapo thabwa lawo losalala, sitima zawo zinayambanso kuzungulira zopanda anthu, zopanda fungo, pa nthawi yake. Gome langa analikankhira pakona pafupi ndi khomo, pamene amaunjika mipando. Ndinaima pambali pake jekete lili m'manja, mtima ukuwawa ngati ndaikitsa m'bale, ndipo ndinamva nsapato za a Nachisale zikubwera.

Sanandiyang'ane. Anatulutsa magalasi m'chikwama, kuvala, n'kuwerama pa gomepo, chifukwa miyezi yonse ija anali asanaliyang'anepo pafupi. Anayenda ndi maso kuyambira ku chulu, kudutsa pa wapolisi, mpaka kumapeto kwa siteshoni, pansi pa mlambe. Pamenepo panali mtsikana mmodzi amene sanakwere sitima iliyonse tsiku limenelo, lichero la nthochi pamutu, dzanja m'chiuno, ndipo patsogolo pake kamnyamata koonda katagwada, kakunamizira kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke. Ndi mmene ndinawapezera a Nachisale, ndipo tcheni chimenecho ndinachikonza masiku ambiri ndisanalimbe mtima kuwapatsa moni.

Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Kenako analoza ndi chala.

"Chitenje chija chinali chobiriwira. Chofiirachi mwandiveka ngati ndani?"

Ndinati nsanza yobiriwira inasowa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kupukutanso m'maso, n'kundiuza kuti ndikaimike galimoto pafupi ndi khomo.

"Ndipo munyamule bwino. Musandigwetsere anthu."

Gome lija silinagone pa kapinga, ndipo silinabwerere m'galaja. Lili pabalaza, anthu inu, pamalo aulemu, moyang'anana ndi wailesi ya kanema, atalifunditsa nsalu yoluka imene ngakhale abusa akabwera sayalidwa. Mtsikana uja anamuveka okha chitenje chobiriwira. Sitima salola kuti ndiikepo ngakhale imodzi, akuti inawatengera kale anthu ambiri kupita nawo kwa azungu, otsalawa akhale. Ine amene ndinasema munthu aliyense pamenepo, kukhudza ngakhale mbuzi ndimayamba ndapempha.

Ndiye wotsutsa apite akagogode, akawapemphe a Nachisale kuti avundukule nsaluyo, aone ngati chulu chija sichinakule. Koma mukapita mudzatenge mpando wanu. Pabalaza pathu malo anachepa, ndipo chimene a khonsolo anatola pa kapinga sabata imeneyo ndi mpando wanga wa ndalema. Mpira ndimaonera chiimire.