Tsiku limene ndinakweza kambale ka intaneti padenga

Mpaka lero ana anga akandiimbira foni amayamba ndi kuseka, moni pambuyo. Anayambitsa zonsezi ndi Fanuwelo, mwana wanga wokhala ku Joni, ponena kuti maondo anga anatha, ngoma sindingavinenso. Ine? Munthu woti ndinkagwedeza nthaka kumigodi?

Tsono pachinkhoswe cha mdzukulu wanga ndinavala nthenga kumutu, chishango m'manja, n'kuuza mpongozi wanga kuti ajambule zonse pafoni yanga. Ndinavina, abale inu. (Kumapeto ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, koma wolakwa anali mwala.)

Kwathu netiweki imabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo, choncho ndinapita pa Lizulu kwa aNamaseko a golosale kuti akanditumizire kanemayo kwa Fanuwelo. Iwowo ali ndi kambale ka intaneti kolankhula ndi setilaiti kumwamba, ndipo anakakhomera pamtengo kuseri kwa golosaleyo.

"Agogo, kanemayu ndi wamkulu ngati thumba la mbatata losokerera mutu," anatero. "Akadukira panjira ayambiranso poyamba. Ndimudula m'zidutswa, zizipita pachokhapachokha."

"Dulani mayi, bola mwendo wanga musaudule."

Kamzere kosonyeza ulendo wa kanemayo kanayamba kukwawa ngati nkhono. ANamaseko atatanganidwa ndi ogula, nzeru zinandibwerera (Sitandade 3 yakale si masewera). Ndinati, ngati setilaitiyo ili kumwamba, kambale kakutani pansi? Ulendo ufupike! Makwerero anali pomwepo. Ndinakazula, n'kukwera nako padenga, n'kukasenza pamutu ngati mtsuko. Nditanyanyamphira kuti ndionjezere kamtunda, ndinangomva chingwe chikuduka.

"Agogo! Mukutani pamalata anga?"

"Ndikuithandiza setilaiti, mwanawe."

"Tsikani! Chadutsa n'chidutswa chimodzi chokha, chaching'ono chakumapeto chija!"

Apa n'kuti amayi ogulitsa kabichi atasiya malonda, akundionerera. Ndisanaponde n'komwe makwerero, foni yanga inalira m'manja mwa aNamaseko, ndipo iwo (Mulungu awakhululukire) anaikweza mawu kuti msika wonse umve.

"Bambo," anatero Fanuwelo akutsamwa ndi phwete, "mwavutikira ulendo wonsewo kuti munditumizire kugwa? Nanga kuvinako kuli kuti?"

Kuvinako kukadali mufoni. ANamaseko akuti ndikadzaonekeranso kuseri kwa golosale yawo adzandimasulira galu. Koma ine ndaiganizira bwino nkhaniyi: denga lija linali lalifupi. Pafupi pomwepo pali bulugamu wamtali.