Khutu Limodzi la a Laurenti

Ku Ndirande konse kunalibe munthu wosadziwa kuti a Laurenti sankatha kumva nyimbo iwo n'kukhalabe pansi. Ikangolira ng'oma, kaya gitala, kaya wailesi ya m'golosale, ankadzambatuka ngati alumidwa ndi linthumbu, ndodo m'manja, ulendo wa komweko. Tsiku lina anachoka kometetsa mutu utametedwa mbali imodzi, chifukwa lole ya ukwati inadutsa anthu akuimba.

Amene anakalamba msanga ndi khalidwe limeneli ndi mlongo wawo Evelina, mzime wa m'banja mwawo, yemwe ankawasunga pakhomo pake. Theka la moyo wake linathera m'misewu, chitenje chili m'manja, akufunsa aliyense kuti, "Pepani, simunawaoneko achimwene?"

A Laurenti anapita ku nkhondo ya ku Bama ndi asilikali a Keyala ali woliza lipenga. Bomba litawaphulikira pafupi, bondo lakumanja linauma osapindikanso, khutu lakumanzere linagontha, ndipo mano akutsogolo anatsala m'matope a kumeneko. Popanda mano lipenga linawakana. Koma khutu lotsalalo, abale inu! Anthu ankati linkamva ng'oma ya ku Bangwe mwini wake ali ku Ndirande, mphepo ikuwombera kwina.

Kwawo ku Nsanje anabadwa ana khumi ndi asanu ndi awiri, mimba imodzi.

"Ine ku nkhondo sindinapite chifukwa cholimba mtima ayi," ankatero. "Ndinkafuna malo otambasulira miyendo pogona. Ndiye taonani, Azungu anandipatsa mwendo wotambasuka mpaka kalekale."

Abale awowo anabwera m'tauni mmodzimmodzi kudzafuna ntchito ku Makata, n'kukwatirana ndi mitundu yonse, moti kunalibe ukwati umene a Laurenti akanasowako chibale.

"Bambo, ndinu akuchimuna kapena akuchikazi?" woimirira pakhomo ankawafunsa.

"Mkwatibwi ndi mwana wa ndani?"

"Wa a Januario a ku Chilomoni."

"Januario ndi wachisanu ndi chinayi kwathu. Tapatukani."

Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri zinkakhala zoona. Ndipo akalowa sankafuna mpunga kapena thobwa. Ankapita kukaima kutsogolo kwa oimba, mutu utapendekera mbali ya khutu lamoyo, ndodo ili m'mwamba, n'kuyamba kuwongola nyimbo za eni ake.

Lamlungu lina pa Misa, kwaya yoimbitsidwa ndi a Nikolasi ili pakati pa nyimbo ya chopereka, kunamveka mawu ochokera pabenchi lachitatu.

"Imani! Imani! Mukuimbira Mulungu kapena mukuthamangira basi ya ku Limbe?"

Evelina anabisa nkhope m'chitenje. Bambo mfumu analamula kuti kuyambira tsiku limenelo a Laurenti azikhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Iwo sanatsutse. Anayamba kuimbitsa ali kumbuyo komweko, ndipo theka la kwaya linkaimba makosi atapotokera kukhomo.

Nthawi ina Evelina anawasaka tsiku lathunthu, mpaka anakawapeza kwa a Bashiru, telala wa pamsika, pa chisangalalo cha Asilamu. Anali pakati pa amuna ovina sikiri, korona ili pakhosi, mwendo wouma uja ukusesa anzawo.

"Achimwene, mwaiwala kuti ndinu Mkatolika?"

"Khutu lachikatolika linatsala ku Bama, Evelina. Ili limamva zonse."

Zonsezi zinali zoseketsa. Zinasiya kuseketsa m'chaka cha 1974, tsiku lomwe achinyamata a chipani anaima pachipata cha msika kuyang'ana makadi, uku akuimba. Masiku amenewo anyamata amenewa sankaseweredwa. Munthu unkaonetsa khadi lako, n'kudutsa maso ali pansi. A Laurenti anaonetsa lawo bwinobwino, n'kuyenda mapazi atatu. Kenaka anaima, mutu n'kupendeka.

"Ayi, ayi, ayi! Nyimboyi mukuiwononga! Inu akumapetoko mukulira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga!"

Msika wonse unangoti zii. Ogulitsa tomato anayamba kuyang'anitsitsa tomato wawo ngati sanamuonepo. Anyamata aja anawagwira uku ndi uku, n'kuwatengera ku ofesi yawo.

Evelina atamva, anatuluka nthawi yomweyo. Ankadziwa anthu amene anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo ana awo ankakula osawaona. Anathamanga nyumba ndi nyumba, natumiza uthenga ku Makata nthawi ya nkhomaliro, ku Chilomoni, mpaka ku Zingwangwa. Pofika 3 koloko masana, abale oposa makumi asanu ndi limodzi anali ataima kunja kwa ofesiyo, opanda wolankhula ndi mmodzi yemwe.

Tcheyamani, a Hawkins, anatuluka akupukuta thukuta. Evelina anagwada.

"Bwana, ndine mlongo wawo. Akhululukireni. Mutu wawo unagwedezeka ku nkhondo."

"Mayi, dzukani," anatero a Hawkins. "Atengeni mkuluyu, ndagwira mwendo wanu. Chibwerere chawo anyamata anga sanamwe ndi madzi omwe."

Kuseri kwa ofesi anyamata aja anali ataimikidwa mizere inayi padzuwa, malaya ali chonyowa, akubwereza mzere umodzi wa nyimbo. Kutsogolo kwawo kunali a Laurenti ndi ndodo yawo.

"Evelina, wabwereranji msanga? Abesiwa sanakhozebe."

Pobwerera kunyumba Evelina ankalira uku akuwakwapula ndi nsonga ya chitenje. "Tsiku lina mudzandipha, achimwene! Mukuona ngati onse amabwerako kumeneko?" Masiku awiri a Laurenti anakhala pakhonde mwakachetechete, akugwedeza mwendo wabwinowo ngati makina a telala. Tsiku lachitatu ku Machinjiri kunali chinkhoswe, ndipo pampando panatsala chipewa chokha.

Anayenda choncho mpaka m'nyengo yozizira ya 1981, pomwe mwendo wovulala uja unatupa ndipo chifuwa chinawagwira. Dokotala anati agone osadzuka. Evelina, powadziwa, anabisa ndodo padenga.

Loweruka masana lole ya ukwati inadutsa kumsewu, nthungululu zili pakamwa. Evelina ali kukhitchini anamva bedi likulira. Polowa anawapeza atatsamira chigongono, akuyesa kutsitsa mwendo, koma thupi likukana. Anayesa kachiwiri, n'kugwera pa pilo. Nyimbo ija inapita ikuchepa mpaka inazimiririka cha kumtsinje. Aka kanali koyamba Evelina kuona misozi ya mlongo wake.

Anatuluka, nakwera pa mtondo, n'kutsitsa ndodo ija yekha. Anawaikira m'manja.

"Yapita kale," anatero a Laurenti. "Imba ndiwe."

"Ine? Si inu munandiuza ndili mwana kuti mawu anga ndi othamangitsira mbalame m'mapira?"

"Imba ya amayi ija. Yotisambitsira."

Mayi awo anali ndi kanyimbo kamene ankaimba powasambitsa kumtsinje, kotchula ana onse mayina kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, kuti asaiwale wina m'madzi. Evelina anakayamba. Ndodo inkagunda pansi pang'onopang'ono. Atamaliza anadikira kudzudzulidwa.

"Wadumpha Gregorio."

"Achimwene, a Gregorio anamwalira kalekale."

"Ndiye? M'nyimbo sachotsamo munthu. Yambiranso."

Anayambiranso, ndipo ulendo uno sanamudule. A Laurenti anamwalira Lolemba m'mawa.

Pamaliro pawo panafika makwaya asanu osaitanidwa, amuna a sikiri a kwa a Bashiru, ndi abambo ena amimba zawo amene anati anaphunzira kuimba kuseri kwa ofesi, padzuwa. Onse ankafuna kuyamba, ndipo nyimbo zinkagundana ngati mabasi pa depoti. Panalibe wowaimitsa.

Kuchokera apo maukwati a ku Ndirande anayamba kutha pa nthawi yake. Kwaya ya a Nikolasi inkathamanga mmene ikufunira, koma anthu ankatuluka m'tchalitchi akunena kuti Misa ya masiku ano siikoma. Evelina anapeza mpata wokhala pansi, umene anaulirira zaka zonsezo, koma mpando unkamuwotcha. Ankadzuka, kusesa posesedwa kale, kufika pamsewu, n'kubwerera wopanda chomwe wakatenga. Oyandikana naye ankamumva akuimba pochapa, ndi mawu ake othamangitsira mbalame aja. Mwa ana khumi ndi asanu ndi awiri anali atatsala anayi okha, koma iye ankawatchula onse.