Nyani wopanda mchira wa ku Kasakula

Mukadzafika ku Kasakula, kumene ndinakwatira, musadzavutike n'kufunsa dzina langa la ubatizo. Mudzangoti, "A Chimpanzi amakhala pati?" Adzakulozerani pakhomo panga. Dzinali ndinadziputira ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Chisepo, ndikufunsira Esinati, foni yatsopano ili m'manja. Ndinkakonda mavidiyo a nyama, ndipo ndinali nditangotolamo nzeru yakuti zimene ife timangoti anyani zili mitundu iwiri. Pali za mchira, monga nyani ndi pusi wathuyu. Ndiye pali zopanda mchira, gorila ndi chimpanzi, zanzeru ngati munthu. Nzeru imeneyi inkandiyabwa ngati chitedze.

Mawu omaliza pa ukwati wathu anali ndi atsibweni ake a Esinati, bambo osalankhulalankhula, amene munda wawo unachita malire ndi phiri. Iwo sanakhutire nane. Ankati manja a choko sangadyetse mwana wa mlongo wawo. Loweruka lina, chimanga chitafika pa mondokwa, anandipatsa legeni ndi chitini.

"Aphunzitsi, ine ndikupita kumaliro kutsidyaku. Mundionereko anyani. Akatsika, menyani chitini, basi."

Ndinadziwa kuti awa ndi mayeso, ndipo ndinakwera pachilindo ndi mtima wa msilikali.

Dzuwa litakwera, pamwala wa m'mphepete mwa munda panatulukira chinyani chachikulu. Chinakhala pansi n'kumakanda pamimba. Chitatembenuka, ndinadzidzimuka: mchira palibe! Ndinapukuta m'maso n'kuyang'ananso. Palibe ndithu. Chimpanzi ku Ntchisi kuno, ndipo woyamba kumuona ndine! Ndinayamba kale kudziona ndikufunsidwa mafunso pa wailesi. (Zoti nkhope yake inali yaitali ngati ya galu, maso anga sanafune kuziona.)

Mu vidiyo muja ankati ukakumana ndi nyama zimenezi usachite phokoso, udzichepetse, usaziyang'ane m'maso. Chitini ndinachiika pansi mwakachetechete. Ndinatsika pachilindo, n'kuyenda chowerama, kenaka n'kugwada, mutu pansi, foni m'mwamba ndikujambula. Ndinayambanso kung'ung'udza kuti "mhu, mhu," monga ankachitira mzungu wa mu vidiyo. Chinyani chija chinayankha kuti, "Hoo!" Ine n'kumati tayamba kumvana. Sindinadziwe kuti chikuuza anzake kuti mlonda wa lero ndi wakwathu.

Ndinagwada mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kumbuyo kwanga kunkamveka thyo! thyo! koma sindinacheuke, kuopa kukhumudwitsa mlendo.

"Aphunzitsi."

Anali atsibweni aja, ali chilili, jekete la kumaliro lili paphewa. Kuseri kwawo mapesi ali gonegone, anyani akuthamangira kuphiri, aliyense chimanga china kukamwa, china m'khwapa.

"Bambo, chonde musakuwe," ndinanong'ona. (Inde, ndinali ndikadali chigwadire.) "Uyu si nyani wamba ayi. Ndi chimpanzi. Taonani, alibe mchira."

Atsibweni anaponya maso pa chinyani chija, kenaka pa ine.

"Mchira wake ndili nawo ine. Unatsala pamsampha wanga chaka chatha. Ndinaupachika pankhokwe."

Manyazi amene ndinachita, sindingawafunire ngakhale mdani wanga. Ndinaona Esinati akundipulumuka m'manja chifukwa cha mchira wa nyani.

"Chinanso," anapitiriza motsitsa mawu, "tsiku lija munabwera kudzadzionetsa kwa ine, munapinda bondo limodzi. Wakuba uyu mwamugwadira onse awiri."

Nkhaniyi inafika kumudzi ine ndisanafike. Esinati analira, kenaka anapempha foni kuti aone vidiyo ija, n'kuseka mpaka kukhala pansi. Munkaoneka udzu wokhawokha, n'kumamveka mawu a mphunzitsi akuti "mhu, mhu."

Patatha sabata ziwiri ndili ndi nkhawa yosadya nayo, ankhoswe anga anabwera ndi yankho. Atsibweni akuti munthu wogwadira nyani sangamenye mkazi, ndiye ukwati ulipo. Koma ulonda wa kumunda ukhala wanga chaka chilichonse, ndipo mchira uja anaumangirira pachilindo kuti ndiziuona.

Za gorila ndi chimpanzi ndimaphunzitsabe, ndipo zoti alibe mchira n'zoona. Kungoti masiku ano ndikaona chinthu chopanda mchira, ndimayamba ndafunsa kuti mchirawo uli ndi ndani.