Mphoto Yanga Anakalandira Ndi Yotamu

Anandilanda mphoto ya goloboyi wopambana onse wa chaka, masanasana, pamaso pa anthu odzaza holo ya tchalitchi ku Kanyama. Chinali chikho chooneka ngati dzanja, chopakidwa utoto wagolide, pamodzi ndi magolovesi enieni a goloboyi, atsopano, akadali m'pulasitiki. Anatenga ndi msuweni wanga Yotamu, munthu amene akakwera masitepe atatu amafuna mpando. Musandiuze zokhululuka. Ndikungofuna mumve mmene zinayendera, kuphatikizapo pamene ndinapusa ndekha.

Ligi yathu ya achinyamata ili ndi lamulo limodzi lotopetsa: wosewera aliyense akhale mwana wasukulu, ndipo khadi lake lidindidwe ndi ahedi. Anthu amene amagula mipira ndi mayunifomu amati akufuna ana akhale m'kalasi. Ine kalasi ndinaisiya mu giredi naini (sanandithamangitse, ndinangoona kuti ine ndi masamu sitidzamvana, ndiye wina anayenera kuchoka). Koma pagolo ndine munthu wina. Zimenezo ba Mulenga, kochi wa timu yathu, ankazidziwa bwino, n'chifukwa chake sizoni isanayambe anabwera kunyumba ali ndi khadi m'thumba la shati.

Khadilo linali la Yotamu. Iye analembetsa dzina kusukulu kwawo tsiku limene anamva kuti olembetsa apatsidwa masikipa aulere. Sikipa analandira, kubwalo sanapondeko. Chithunzi chinali cha ali giredi seveni, asananenepe, chakuda mbii ngati anajambulira m'thumba la makala.

"Ba kochi, uyu si ine," ndinatero.

"Manje ni iwe," anayankha ba Mulenga. "Ba refa sayangana nkhope, bayangana chidindo. Bakaitana Yotamu, iwe uziyankha chabe."

Ndinavomera msangamsanga. Ndinkaganiza kuti dzina lili ngati nsapato zobwereka, ukamaliza masewera umavula.

Amene simunaone bwalo lathu musaganize za kapinga. Ndi fumbi ndi miyala, ndipo mvula ikagwa madzi onse a m'komboni amakumana pagolo langa. Ndinkadziponya pamenepo sabata iliyonse nditavala magolovesi a omanga nyumba, amene ndinapempha kwa munthu woumba mabuloko. Zigongono zanga zilibe khungu lakale. Chala chaching'ono chakumanzere chinapindika pa penate ina ndipo mpaka lero chimaloza kwina. Anthu oonerera, amene ambiri amadziwa dzina langa lenileni, anagwirizana nalo bodza lija, ndikagwira mpira ankaimba za Yotamu. (Ndivomere, nyimboyo inkandikoma. Ndinkachita kugunda pachifuwa poyankha dzina la mwini wake amene nthawi imeneyo anali kunyumba akudya masikono a mayi ake.)

Tinatenga ligi. Pofika Disembala ba Mulenga anandinong'oneza kuti komiti yasankha kale, mphoto ya goloboyi ikubwera kwa ine, ndivale bwino Loweruka.

Ndinabwereka jekete kwa neba wathu woyendetsa minibasi. Inali yaikulu mapewa koma yonunkhira. Ndinameta. Ndinakonza ngakhale mawu oyamikira, n'kumayeserera kuseri kwa chimbudzi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti komiti simaitana osewera pakamwa. Imalemba kalata, ndipo kalatayo imapita kusukulu imene inadinda khadi. Ahedi a kwa Yotamu anaiwerenga pamaso pa sukulu yonse, ana n'kuwomba m'manja, Yotamu n'kuima osadziwa kuti walakwa chiyani.

Ndikulowa m'holo ndinawaona pamzere woyamba: Yotamu mu yunifomu yosita, ahedi ake pambali, ndi mayi ake, ba anti, mlongo wa bambo anga, atavala chitenge chatsopano ndi duku lake. Ndinaganiza kuti abwera kudzandichemerera. Ndinawakwezera dzanja. Ba anti anandikwezeranso, monyadira kwambiri, ndipo ine ndinakhala pansi mtima uli myaa, ndikuganiza kuti banja lathu layamba kuzindikira anthu ofunika.

Anayamba ndi pemphero lalitali. Kenako mphoto ya wogoletsa zigoli zambiri, ya oyimbira mpira, ya timu yaulemu. Potsiriza ba tcheyamani a ligi, bambo wamfupi wa magalasi amene sindinawaonepo kubwalo ngakhale tsiku limodzi, ananyamula dzanja lagolide lija. Anati goloboyi wa chaka chino ndi mnyamata wolimba mtima, wosaopa miyala, chitsanzo cha mmene mpira ndi sukulu zimayendera limodzi. Kenako anaitana dzina la Yotamu.

Tinaimirira awiri.

Ine ndinali kumbuyo ndi timu, iye kutsogolo. Ba Mulenga anandigwira jekete.

"Nkhala pansi, iwe."

"Baitana ine."

"Baitana Yotamu. Mwine wake wabwera. Nkhala pansi, tizakamba mailo, osati lelo."

Ndinadzimasula n'kuyamba kuyenda pakati pa mabenchi. Anyamata a timu anayamba kuwomba m'manja, kenako anasiya mmodzimmodzi ataona amene akukwera pansanja. Ndikufika kutsogolo, Yotamu anali atalandira kale chikho, magolovesi ali m'khwapa, akugwirana chanza ndi ba tcheyamani. Ba anti anandiona nditaima pamenepo mu jekete yanga yaikulu, n'kundipatsa foni.

"Wachita bwino kubwera kufupi. Tikope, mwana. Uonetse na ba hedi."

Apa ndiyenera kunena zoona ngakhale zikundiwawa: ndinajambula. Manja anangochita okha. Ndinajambula kawiri, chifukwa koyamba ahedi anatsinzina.

Nditabweza foni m'pamene magazi anandikwera kumutu. Ndinakwera pansanja n'kugwira chikho chakumunsi. Yotamu anagwira chakumwamba. Sindinkadziwa kuti mnyamatayo ali ndi mphamvu chonchija, koma munthu amene wakhala akuteteza mbale yake kuyambira ali mwana saphweka.

"Leka, ni changa," ndinatero.

"Palembedwa zina yanga, mwana," anayankha motsitsa mawu, akumwetulirabe kwa anthu. "Werenga, ngati ukumbukira mowerengera."

Ba tcheyamani anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mnyamata, ndiwe ndani?"

Funso losavuta, koma taganizani. Ndikanena dzina langa, ndiye kuti timu yathu yasewera sizoni yonse ndi munthu wosalembetsa. Mapointi onse achotsedwa, chikho cha ligi chibwezedwa, ndipo anyamata khumi ndi asanu ndi atatu amene ndimakhala nawo komboni imodzi akudziwa pamene ndimagona. Ndikanena kuti ndine Yotamu, mayi ake a Yotamu ali pomwepo. Ndinatembenuka kufunafuna ba Mulenga.

Ba Mulenga anafika akupuma mofulumira.

"Pepani ba tcheyamani. Uyu ni sapota wathu. Akonda timu maningi, so nthawi zina mutu umamupya."

Sapota. Ine, ndi chala changa chopindika.

Pa tebulo la mphoto panali mpira watsopano umene a timu yaulemu anausiya pomwepo atalandira. Nzeru inandibwerera, ndipo panthawiyo ndinkaiona ngati nzeru yaikulu. Sindifunika kunena dzina langa, ndingoonetsa anthu kuti uyu si goloboyi. Ndinasiya chikho, ndinatola mpira, ndinabwerera mapazi atatu.

"Ngati ni kipa, agwire iyi."

Ndinauponya ndi mkwiyo wa sizoni yonse, molunjika pachifuwa. Ndinkayembekezera kuti athawa, kapena utsetsereka m'manja n'kukagunda ahedi. Yotamu anatsinzina ndi mantha, anapinda msana, ndipo mpirawo unalowa pamimba pake n'kukhazikika ngati wafika kwawo. Mikono inangotsekera pamwamba. Chikho chili m'dzanja, magolovesi ali m'khwapa, palibe chimene chinagwa.

Holo inaphulika. Ba anti analulutira. Ahedi anaimirira n'kumauza oyandikana nawo kuti mwanayo amamuphunzitsa okha. Ba tcheyamani anatenga maikolofoni n'kunena kuti amene ankakayika aona okha chifukwa chake komiti inasankha mnyamata ameneyu. Ine ndi amene ndinamupatsa umboni, ndi manja anga.

Madikoni awiri a tchalitchicho anandigwira mikono kuti anditulutse. Yotamu, atatsegula maso n'kupeza kuti ali moyo ndipo anthu akumuimbira, anafuna kuonetsa ulemu pondibwezera mpira. Anauponya. Manja anga onse anali m'manja mwa madikoni. Unandimenya pamphuno, n'kudumphira kubenchi la amayi. Mwana wina kumbuyo anafuula kuti chigoli, ndipo anthu anaseka mpaka ndinatuluka pakhomo. Phewa la jekete linasosoka, koma za mwini jekete ndi nkhani ina.

Lolemba ndinapita kwa ba anti kukakambirana ngati anthu akuluakulu. Chikho anachiika pamwamba pa kabati, pakati pa maluwa apulasitiki. Ndinafotokoza zonse, kuyambira khadi mpaka chala. Anamvetsera akukanda ufa wa masikono amene amagulitsa pamsika.

"Zina unabwereka kwa ndani?" anafunsa.

"Ba kochi ndiye banabweretsa."

"Ine nabala mwana, namupasa zina, namulipilira sukulu. Iwe watenga zina yake kukaigwetsa mu matika ya mvula chaka chonse, osapempha. Manje yabweretsa kanthu ku nyumba, ufuna kulanda? Ukafuna yako imveke, bwerera ku sukulu."

Ndinati chikho asunge, andipatse magolovesi okha, popeza Yotamu alibe nawo ntchito. Ba anti anati ntchito ilipo. Anatsegula uvuni wawo wa mgolo, anavala magolovesi anga, n'kutulutsa thireyi ya masikono. Zala ziwiri za magolovesiwo zinali zitapsa kale. Anati amagwira bwino kuposa nsanza. Yotamu anali pakhonde akudya, ndipo anandiuza kuti atsikana a kusukulu ayamba kumupatsa moni.

Ndinalumbira kuti ine ndi ba Mulenga tathana, ndipo sindidzayankhanso dzina la munthu wina. Ndinasunga lumbirolo miyezi iwiri. Sizoni yatsopano itayandikira anabwera kunyumba, dzanja lili pathumba la shati, n'kuyamba kukamba zoti timu ilibe munthu pagolo. Ndinawasiya alankhule mpaka atatopa. Kenako ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa chaka chatha.

"Mwine wa khadi ali kuti?"

"Anayenda ku Solwezi kwa ba malume bake. Kutali maningi. Sangabwere."

Ndinalandira khadilo. Chaka chino ndine Misheki, ndipo ndikugwira mipira kuposa kale, moti komiti yayamba kale kutchula dzinali. Dzulo ndakumana ndi mayi ake a Misheki pampopi. Andiuza mosangalala kuti mwana wawo wawaimbira foni, akubwera kudzadya holide ya Disembala kuno.