Mkono Wopanda Cheya wa a Murdo Garvie

Aliyense m'tauni yathu ya asodzi ankadziwa kuti malemu a Murdo Garvie analibe cheya pa mkono wamanzere. Sikuti anabadwa choncho ayi. Bambowa sankakhulupirira mpeni umene sunawamete. Akanola, ankapinda malaya n'kuupititsa pamkono. Cheya chikagwa ankati, "Eya, uwu ndiye mpeni." Chikakana, ankabwerera pamwala. Cha pamkono chitatha anasamukira kumwendo, moti pa maukwati, amuna akavala makiliti awo, masiketi aamuna a kwathu kuno olekeza m'mawondo, ana ankalozerana: mwendo wina nkhalango, wina nkhuku yososola.

Tsiku lina ananola mipeni yonse ya kukhitchini ya tchalitchi popanda wowatuma. Lamulungu lotsatira amayi okonza tiyi anatuluka atamanga zala.

"Mpeni wobuntha ndi tchimo la ulesi, abusa," anatero a Murdo abusawo atawafunsa.

"Nanga magazi a mayi Coull ali mu buledimu?"

"Limenelo ndi tchimo la phuma. Si langa."

Koma amene ankawadziwa bwino anali mayi Ishbel Mair, telala wamasiye amene amuna awo anatsalira panyanja kalekale. Kwa zaka zambiri a Murdo ankafika sabata iliyonse kudzanola sizasi yawo. Sizasi ikaonda ngati singano, mayi Ishbel ankagula ina mwakachetechete, kuti bambowo asasowe chobwerera. Mpeni wokha a Murdo sanawapatseko mayiwo n'kamodzi komwe, chifukwa kwathu kuno mpeni wamphatso umadula chikondi, pokhapokha wolandirayo atabweza kandalama.

Kenako, mutu utayera mbuu, a Murdo analimba mtima. Anawatenga mayi Ishbel kupita nawo kukachipinda ka kuseri kwa hotela ya padoko, kumene amuna okonda mipeni ankakumana n'kumakangana za zitsulo. Mayiwo anaima pakhomo, chikwama chili m'manja.

"Anyamata," anatero a Murdo, "ndikukwatira."

Kenako Wattie Bain, mnzawo wapaubwana, anati, "Ukukwatira mwala wako wonolera uja? Tinkadziwa kale."

"Ndikukwatira mayi awa, chitsiru iwe."

"Pepani mayi," anatero Wattie, "kodi munawaona miyendo?"

"Ndinaiona m'tchalitchi, bambo Bain, ndipo ndinapemphera."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. A Murdo anamenya tebulo n'kuyamba kulamula. Aliyense abwere atavala kiliti, kampeni kake kali m'sokosi poonekera, monga achitira mlendo wamtendere. Woliza chitoliro atsogolere mkwati kuchokera pakhomo pake. Manja awo amangidwe pamodzi ndi nsalu ya fuko la a Garvie. Ndipo keke idulidwe ndi mpeni wautali umene iwo apange okha, wa chigwiriro cha nyanga ya gwape.

"Liti?" anafunsa Wattie.

"Mpeni ukathwa."

Mayi Ishbel anaseka nawo. Atafika kwawo anaphika keke yazipatso, n'kuiika m'chitini, n'kumaithira wisiki pang'onopang'ono kuti isawonongeke. Anafukulanso kandalama kakale kasiliva kamene mkwati amaika mu nsapato.

Mpeni unasulidwa m'chilimwe. M'dzinja a Murdo anayamba kuonda, ndipo anayamba kukwera basi ya kuchipatala chachikulu. Mankhwala a kumeneko anawayoyola tsitsi lonse: la kumutu, nsidze, ngakhale nkhalango ya mwendo wotsala uja.

"Tikaonane ndi abusa sabata ino," anatero mayi Ishbel.

"Mpeni sunayesedwe."

"Ndiye uyeseni."

"Pa chiyani, mayi? Taonani." Anapinda malaya. Mkono unali see ngati mbale.

Amuna a m'gulu lija anabwera mwandondondo, aliyense atapinda malaya. Wattie, amene mkono wake unali ngati wa nkhosa, anaugoneka patebulo.

"Meta apa, aise. Meta wonse, usokere mkazi wako juzi."

"Cheya cha mwini chimanama," anayankha a Murdo. "Ndidikira changa chimere."

"Murdo, keke si chikopa cha ng'ombe. Ngakhale supuni itha kudula."

"Ndi chifukwa chake mkazi wako amadula nyama ndi mano."

Anzawo atapita, mayi Ishbel anakhala pafupi ndi bedi. Ankadziwa chimene bambowo ankadikira, ndipo sichinali cheya.

"A Murdo, ine manda ndikuwadziwa. Ndinalirapo mwamuna wopanda mtembo. Sindikuopa."

"Ine ndiye ndikuopa," anatero iwo, maso ali kudenga. "Sindidzakupatsani umasiye kawiri."

"Ndipatseni ndithu. Ndikuupempha."

"Chikamera, mayi. Taonani, apa pakuoneka ngati payamba kuda."

Mayi Ishbel anayang'anitsitsa. Panalibe kanthu. Anapemphera kuti Mulungu ameretse katsitsi kamodzi kokha, kapena afewetse mutu wa munthu wake. Sindidziwa chifukwa chake, koma zonse ziwiri sizinachitike.

A Murdo anatisiya chipale chofewa chisanasungunuke m'mapiri. Anawaveka kiliti yawo, kampeni m'sokosi. Asanatseke bokosi, Wattie anafika ndi mpeni wautali uja uli m'nsalu, n'kuupereka kwa mayi Ishbel.

"Anati ndi wanu, mayi."

Mayiwo sanaulandire msanga. Anavula nsapato pamaso pa anthu onse, n'kutulutsamo kandalama kasiliva kaja, n'kukafumbatitsa m'dzanja lozizira la a Murdo. Atatero anautenga mpeniwo.

Woliza chitoliro anatsogolera ndithu, koma njira inali ya kumanda. Amuna onse anabwera monga anawalamulira, makiliti ndi timipeni tawo. Pa tiyi wa pambuyo pa maliro, mayi Ishbel anatsegula chitini chija. Fungo la wisiki linadzaza holo. Anangogoneka mpeni pamwamba pa keke, osakanikiza n'komwe, ndipo unatsika wokha mpaka pambale ngati ukudutsa m'madzi.

"Unali utathwa kale," anatero chapansipansi.

Wattie anatsegula pakamwa kuti anene kanthu koseketsa, koma anangotuluka panja.

Masiku ano kukhitchini ya tchalitchi palibe amene amadzicheka. Mipeni imaphwanya tomato, buledi timachita kung'amba, ndipo palibe woyamikira mtenderewo. Kukachipinda ka kuhotela amuna amakumanabe, koma amabalalika msanga. Mayi Ishbel akusokabe. Sizasi yawo yabuntha moti imatafuna nsalu, ndipo Wattie wapempha kangapo kuti awanolere. Iwo amangopukusa mutu, n'kupitiriza kudula pang'onopang'ono.