Nikotini Wotulukira Kukhutu

Nkhani iyi ndimaibisa ngati chigamba cha kumatako, koma poti anthu a ku Ching'ambo kuno ku Mzuzu ayamba kale kuithira mchere, bola muimve kwa mwiniwakene.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma makutu ndili nawo. Ndinamva m'minibasi kuti ana a ku koleji akusiya fodya pomata kanjere pakhutu n'kumakadina chibaba chikabwera. Ati njirayo dzina lake ndi akupresha. Ndinati basi, udokotala uja wandipeza! Ndinatapa njere za mpiru za mayi a kunyumba, kugula pulasitala, n'kulengeza kuti ndinakaphunzira kwa Matchaina ku Joni. Chonsecho malire anga ndi pa Jenda.

Loweruka masana ndili pakhonde kukoka kandudu kanga, ndinangoona ana a ku koleji, anyamata atatu ndi mtsikana, atulukira. Mtsikanayo, Tiwonge, ndiye ankatsogolera kagulu kawo kolimbana ndi fodya. Iyeyo akakhutira, hositelo yonse inali yanga. Ndinafinya nduduyo ndi zala, kuitsomeka kuseri kwa khutu, n'kukokera pansi chipewa changa cha ulusi.

"Monire adada. Ndinu adokotala aja?" anafunsa Tiwonge.

"Yewo, ndine amene. Ineyo fodya ndinasiya zaka teni zapitazo, ndi njira yomweyi."

Ndikumata mnyamata woyamba, khutu langa linayamba kutentha.

"Mukamva kutentha ndiye kuti zikugwira," ndinatero, misozi ikulengeza.

"Ine sindikumva kanthu, bigi," anatero mnyamatayo.

"Ndikukumvererani ine. Zimayambira kwa dokotala."

"Adada, khutu!" anakuwa Tiwonge.

"Eya mwanawe, khutu! Chinsinsi chonse chili pakhutu. Mwaona? Uyu ndiye wa koleji weniweni."

"Ayi, khutu lanu! Likufuka utsi!"

"Osatekeseka! Ameneyo ndi nikotini wakale akutuluka. Zaka teni si masewera."

Mnyamata wina mpaka anati "Wow!" n'kutulutsa foni kuti ajambule sayansi. Ine ndinaima njii, kumwetulira ngati pa chithunzi cha ukwati, fungo la mbuzi yowaula lili thoo.

Kenako chipewa chinati lawi! Ndinachivula ndikuvina gule amene sanayambe waonekapo ku Mzuzu, n'kuchiponya m'beseni la mbale. Kandudu kaja kanagwera pamapazi pa Tiwonge, kakadali psuu.

Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Yewo chomene, adokotala. Koma nikotini wanu ndi wamakono. Amatuluka ndi fyuluta yemwe?"

Ukafuna kunamiza ophunzira, yamba wazimitsa ndudu.