Nkhondo ya Fupa la Buluzi wa M'nyanja

Tcherani khutu, inu a ku Kaomba ndi a ku Lukwa, pakuti m'chaka chimene mvula inachedwa koma fodya n'kuchita bwino, m'masiku amene masamba anali atafiira m'zigafa ndipo fungo lake linkamveka ndi mu tiyi momwe, kunabuka nkhondo imene sinakhetse mwazi koma inagwedeza banja la a Mwale kuyambira pabalaza mpaka kubafa.

Ngwazi yake inali Geoffrey Mwale, Mkango wa Choko, Wothyola Ndodo pa Bolodi, mphunzitsi wopuma amene kwa zaka makumi awiri ankalalikira pansi pa chigafa kuti kalekale, anthu kulibe, m'nyanja zamchere munkasambira abuluzi aatali kuposa lole ya mabelo, a zipsepse m'malo mwa miyendo, ndi kuti mafupa awo anasanduka miyala imene akatswiri amaifukula ndi tinyundo n'kumaipukuta ndi timaburashi. Zaka zonsezo anzake ankangomuseka, makamaka Nthanda, Mdani wa Mabuku, mlimi wosakhulupirira kanthu pokhapokha atakagwira ndi manja. Mudzi unafika pomutcha Abuluzi, ndipo kunena zoona dzinalo linkamupweteka mkuluyu kuposa nyamakazi.

Tsono mwana wake Chiyamiko, amene anatengera misala ya bambo ake n'kupita nayo ku yunivesite, anabwera kuchokera ku Morocco ndi fupa limodzi la msana wa chilombocho, lolemera, lokhakhala, lalikulu ngati chibakera. Geoffrey analikulunga m'nsalu, naliika m'kabati pakati pa makapu a alendo, nalengeza kuti Loweruka lomaliza la mwezi, kalabu ya alimi ikadzakumana, adzayeretsa dzina lake.

Koma m'nyumba momwemo munali ngwazi ina, Fainess mkazi wake, Mwera wa mu Juni, Mzati wa Chigwirizano, amene zidendene zake zinali ndi zikang'a zotchuka mpaka ku Lisasadzi. Miyala ya kudambo inagonja, njerwa zootcha zinaperepeseka, zikang'azo osasuntha. Tsiku lina potulutsa makapu anaona mwala wokhakhala uli phee m'nsalu, ndipo poti ndi mayi wosapirira chinthu chokhala chabe, anapita nawo kubafa.

Loweruka lija m'mawa Mkango wa Choko anatsegula kabati napeza nsalu yokha. Fupa analipeza pambali pa sopo, litasalala ngati dzira.

"Amayi a Chiyamiko!" anabangula. "Zaka mamiliyoni makumi asanu ndi awiri fupa ili lagona pansi, nyanja zaphwa pamwamba pake, mapiri adzuka, lokha osatha. Inu mwalimaliza m'masabata atatu! Ndikaonetsa chiyani kwa a Nthanda lero?"

Fainess anamanga chitenje mwamphamvu, chizindikiro chimene adani ake onse amachidziwa. "Abambo a Chiyamiko, musandikwezere mawu ngati ndili Sitandade Folo. Mapazi awa anang'ambikira m'munda mwanu, zaka makumi atatu ndikupalira fodya wanu. Buluzi wanuyo anakulimiranipo mizere ingati? Mwala uzikhala pansalu ngati mlendo, ine zidendene zikung'amba mabulangete?"

Atamwa tiyi wa tsiku limenelo, magulu ankhondo awiriwa anapita kuchigafa wina kutsogolo wina kumbuyo, pakati pawo patatsala mpata wokwana ngolo.

Kalabu itakhala pansi, Geoffrey anakweza fupa lija. Nthanda analilandira, nalitembenuza, nalinunkhiza.

"Aphunzitsi," anatero, "uwu ndi mwala wa kubafa. Kodi buluzi wanuyo ankasamba ndi sopo m'nyanjamo?"

Phwete linagwedeza mikangala ya fodya. Ine ndinalipo, ndipo nditaona mutu wa imvi wa aphunzitsi ukuwerama, chisoni chinandigwira. Fainess nayenso anaona. Kukalipira mwamuna wake ndi ntchito yake, koma ntchitoyo sanaibwerekepo munthu. Anaimirira, navula patapata, nasanjika chidendene pa belo la fodya pamaso pa onse.

Anesi, mkazi wa Nthanda, amene zaka zambiri ankagwada kumbuyo kwa zidendenezo m'tchalitchi, anasendera pafupi nasisita.

"Mayi wanga ine! Ngati tsaya la khanda!" anafuula. "Abambo, miyala yonse ya Kasungu ndaiona ikugonja paphazi ili. Mwala uwu si wa dziko lino ayi."

Ndipo Nthanda, amene mwambo sukanamulola kugwira phazi la mkazi wa mwini, anakakamizika kwa nthawi yoyamba m'moyo wake kukhulupirira chinthu asanachigwire. Anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, paja mwati buluziyo anali wamtali bwanji?"

Pangano la mtendere linasindikizidwa ndi thobwa ndi nthungululu: fupa lizigona m'kabati masiku asanu ndi limodzi, Loweruka lizipita kubafa pa mbale ya alendo, wonyamula akhale Geoffrey mwini. Mkango wa Choko anaphunzitsa mpaka dzuwa litapendeka, akujambula zipsepse ndi mano padothi, maso ali ndi misozi, ndipo palibe anamutchanso Abuluzi. Wina akangoyamba kugwedeza mutu, iye sankatsegulanso buku kapena kutchula akatswiri. Ankangotembenuka mwaulemu wonse:

"Amayi a Chiyamiko, tavulaninso."